Zithunzi Zimene Mkazi Wanga Anakana Kusunga

1

Dzina langa ndine Ezekiele. Ndimakhala pa boma pa Neno, ndipo ngati munajambulitsapo chithunzi cha chitupa kapena cha chinkhoswe kuno kwathu, mwina munakhalapo pa mpando wanga wapulasitiki, nsalu yoyera ili kumbuyo kwanu, mkazi wanga Callista akukuuzani kuti, "Kwezani chibwano pang'ono, musaphethire."

Sukulu ndinalekezera Folomu 2 bambo atamwalira. Ndinabwererako ndili ndi ndevu kale, ku sukulu ya usiku, masana ndikusenza matumba a mbatatesi pamsika. Sukulu ya usiku siphunzitsa munthu kuthamanga. Samu ikakukana umabwerera pamwamba, n'kutsika mzere ndi mzere mpaka upeze pamene phazi linaterera. Khalidwe limeneli ndi limene linandilowetsa m'makompyuta. Ndinayamba ndi maphunziro a pa foni, kenako ndinakachita kosi ya miyezi ingapo ku Blantyre.

Nditabwerako ndinalemba ndekha pulogalamu ya m'shopu mwathu. Si yaikulu ayi. Imatenga zithunzi kuchokera mu kamera, imazidula, imaika ziwiri kapena zingapo pa pepala limodzi, n'kuzisunga mu foda ya dzina la mwini wake. Mabatani onse ndinawalemba m'Chichewa chifukwa cha Callista, amene ankati Chingerezi cha pa kompyuta chimamuzunguza mutu. Tsegulani. Dulani. Sungani. Sindikizani. Tsiku limene anaigwiritsa ntchito koyamba anaseka, nati, "Kompyuta yanuyi ili ndi ulemu kuposa anthu ena a pamsika pano."

Ine ndi Callista tinakhala zaka zambiri opanda mwana. Amene munadutsamo mukudziwa mmene zimakhalira. Ukafika pa maliro anthu amatsitsa mawu. Ukadutsa pa siteji ya kabaza umamva wina akunong'ona za kugwa mu mpapaya, anzake n'kuphulika chiseko. Ine ndinkangoti Mulungu ali ndi nthawi yake. Ndipo nthawiyo inakwanadi: nditamaliza kosi ija, Callista anabereka mwana wamkazi. Amayi anga ndi amene anamutcha dzina loti Takondwa. Anavina pabwalo mpaka chitenje kumasuka.

2

Vuto linayamba chaka chatha, m'nyengo ya maukwati anthu atakolola. Ntchito inatichulukira, ndiye tinatenga Christabel, mayi wamasiye wa kutchalitchi kwathu, kuti azithandiza pa kompyuta. Anali wachangu, zala zake ngati akusankha nyemba.

Lolemba lina kunabwera mayi a ku Magaleta kudzatenga zithunzi za chinkhoswe cha mwana wawo. Ndinatsegula foda ya dzina lawo. Munalibe kanthu.

"Mayi Christabel, zithunzi za amayiwa munaziika kuti?"

"Momwemo, abwana. Ndinazikonza Loweruka, zonse."

"Munasunga?"

"Ndinasunga! Kompyuta inachita kundifunsa, ine n'kuyankha."

Kadi ya mu kamera tinali titaifufuta kale kuti tijambulirepo ukwati wina. Mayi a ku Magaleta aja anakhala pansi pa simenti, n'kuvula mpango.

"Ndiye mukuti mwana wanga avalenso? Tiitanenso mudzi wonse udzavinenso chifukwa cha inu? Nkhuku tinadya zija tizidzutse?"

Ndinapepesa mpaka malovu kuuma. Sabata yomweyo zinasowanso zithunzi za kwaya, kenako za khanda lobatizidwa. Pamsika panayamba kumveka kuti kwa Ezekiele zithunzi zimauluka. Christabel analira, nati ngati tikumuganizira kuti akuba ntchito n'kumakasindikizira kwina, ndi bwino angosiya.

"Sindinaweruze munthu," ndinatero. "Ndipatseni mpata ndifufuze."

3

Ndinayamba ndi zapafupi. Magetsi kuno amathima osatsanzika, ndiye ndinaganiza kuti mwina amathima fayilo ikulembedwa. Ndinayesa kuzula chingwe dala pulogalamu ili mkati mosunga. Fayilo inkawonongeka, koma sinkasowa. Ndinaganizira vayirasi ya m'mafulashi amene anthu amabwera nawo. Ndinasesa kompyuta yonse, sindinapeze kanthu. Ndinakumbukira vuto lakale la maina okhala ndi ng', monga a Ng'ambi, amene poyamba ankasokoneza pulogalamu chifukwa cha kachizindikiro kapamwambako. Ndinayesa maina oterowo, onse analowa bwinobwino.

Chimene chinkandidabwitsa n'chakuti zithunzi zikusowa, koma disiki ya m'kompyuta ikunka nidzaza. Nkhokwe yoti akukubera ingadzaze bwanji?

"Mwina yangokalamba, bambo a Tako," anatero Callista akundiikira tiyi pambali. "Inunso mwayamba kuyankhula nokha ngati wamisala wa pa depoti."

"Makina salodzedwa, mayi a Tako. Pali mzere umene ndinaulakwitsa."

Nditatopa ndi kuwerenga mizere ya pulogalamu, ndinachita chimene ndinayenera kuyambira. Ndinakoka mpando n'kukhala kumbuyo kwa Christabel.

"Gwirani ntchito monga mwa masiku onse. Muiwale kuti ndilipo."

Anatsegula chithunzi, anadula, anakonza kuwala. Batani la Sungani sanalikhudze. Anathamangira pa ka X kapakona kotsekera, ndipo kabokosi kanatulukira ndi funso limene ndinalemba ndekha zaka zapitazo: Simukufuna kusunga? Pansi pake mabatani awiri, Inde ndi Ayi.

Anadina Ayi.

"Imani! Mwadiniranji Ayi?"

Anandiyang'ana modabwa. "Yafunsa kuti simukufuna kusunga. Ndiye ndati ayi, ndikufuna."

Ndinagwira pakamwa. Funsolo ndinalitengera ku maphunziro a Chingerezi aja, ndi mutu wa Chingerezi womwewo. Kumeneko munthu akafunsidwa kuti simukufuna, akati inde ndiye kuti akufuna. Kwathu kuno mlendo ukamufunsa kuti, "Simudya?" iye n'kuti, "Inde," mbale umachotsa. Ine mu pulogalamu ndinalamula kuti wodina Inde umusungire, wodina Ayi umutayire. Ndekha sindinalionepo vutoli, popeza ndinkayankha monga ndinalembera. Callista naye sanatayepo ntchito ya kasitomala, chifukwa chimene ankachifuna ankadina Sungani asanatseke.

Tinaseka, Christabel mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. Kukonza kwake kunali kosavuta. Funsolo ndinalisintha kukhala "Tichite nacho chiyani chithunzichi?" ndipo mabatani anakhala Sungani ndi Tayani, kuti munthu asachite kutanthauzira.

Koma ndikulemba choncho, mutu unandiuza china. Ngati Ayi ankataya zimene anthu ankafuna, ndiye kuti Inde ankasunga zimene anthu ankakana. Zaka zonsezi. Nanga zinkapita kuti?

4

Ndinautsata mzerewo. Chithunzi chikasungidwa popanda dzina la kasitomala, pulogalamu inkachiponya mu foda ina imene ndinaipanga poyesera n'kuiiwala, yobisika mkati mwa mafayilo a pulogalamu yomweyo. Ndinaitsegula. Imeneyo ndi imene inkadzaza disiki.

Poyamba zinali zoseketsa. Abusa ena ataphethira, kukamwa kuli yasa. Mkwati akuyetsemula. Khanda likukoka ndevu za agogo ake. Zonsezi ndi zimene Callista ankaona kuti sizinatuluke bwino. Kabokosi kakamufunsa ankati inde, sindikufuna, chithunzi n'kuchoka pamaso pake, iye n'kumaganiza kuti chatayidwa.

Christabel anatuluka kukadya. Callista anali atapita kukatenga Takondwa ku sukulu. Ndinatsala ndekha, ndikudutsa chimodzichimodzi kuti ndione zofufuta.

Kenako ndinafika pa pepala la zithunzi ziwiri. Kumanzere Takondwa ali khanda, kumanja ine. Ndinamwetulira. Pepala lotsatira: kumanzere Takondwa yemweyo, kumanja achimwene anga a Lameki, chithunzi chimene ndinawajambula ine ndemwe cha chitupa cha kalabu ya alimi.

Ndinati mwina ankayesera batani. Ndinapitirira. Takondwa akukwawa, ndi ine. Takondwa akukwawa, ndi a Lameki. Takondwa atavala yunifomu ya sukulu ya mkaka, ndi ine, kenako ndi a Lameki. Mapepala ena anali odulidwa, kungotsala makutu okhaokha: khutu la mwana ndi khutu langa, khutu la mwana ndi khutu la achimwene. Mphuno. Zikope. Mpata wa mano. Panalibe mawu olembedwa ngakhale amodzi. Madeti a mafayilo ankayambira mwana ali wa miyezi, n'kumabwera chaka ndi chaka. Lomaliza linali la sabata yapitayo.

Mkazi amayerekeza nkhope ya mwana wake ndi amuna awiri pa chifukwa chimodzi chokha.

Panja ndinamva mawu. "Adadi! Adadi, lero ndakhoza zonse!"

Ndinatseka foda. Analowa akuthamanga, chikwama chikumugunda kumsana, n'kundikwera pamiyendo. Ndinamukumbatira. Ndipo Mulungu andikhululukire, maso anga anapita pa khutu lake.

5

Kwa masiku angapo sindinanene kanthu. Ndinkadya, ndinkapemphera, ndinkajambula anthu n'kumawauza kuti amwetulire. Ndinkadziuza kuti ndangoona mzere umodzi wokha, ndisathamangire yankho ndisanaone samu yonse.

"Mukudwala?" anafunsa Callista.

"Mutu chabe."

Mwambo wathu umati banja likagwedezeka, thamangira kwa ankhoswe. Koma nkhoswe ya mbali yanga, amene anakaima pamaso pa akuchikazi ku Matope n'kunena kuti mwana wathuyu tikumudziwa, anali a Lameki omwewo. Bambo atamwalira ndi iwo anandilera. Ndi iwo, pamodzi ndi amayi, amene anandiumiriza kuti ndisataye mwayi wa kosi ya ku Blantyre, nati za pakhomo asamala okha. Ndikanapita kwa ndani?

Lachisanu anabwera kuchokera ku Dambe pa njinga yamoto, thumba la mbatatesi lili kumbuyo, monga ankachitira nthawi zonse.

"Eze, wawonda bwanji? Alamu sakukudyetsa?"

"Ntchito, achimwene."

Takondwa anawathamangira. "Ababa aakulu!" Anamunyamula m'mwamba, n'kumupatsa nachesi ya m'thumba la jekete. Apo ndinaona chimene sindinkachiona kale: achimwene sankamuyang'ana mwanayo kumaso. Ndipo Callista, amene amacheza ngakhale ndi chidakwa chodutsa pamsewu, anawapatsa moni atayang'ana pansi n'kulowa kuchipinda chosindikizira. Kwathu alamu amanyozana moseka. Awa ayi. Zaka zonsezi ndinkati ndi ulemu chabe.

"Ukhale bwino, mng'ono wanga," anatero poliza njinga.

Ndinawayang'ana mpaka fumbi lawo litazimirira kuseri kwa msika.

6

Masana omwewo ndinamuuza Christabel kuti aweruke. Takondwa anali kwa anzake. Ndinatseka chitseko cha shopu.

"Mayi a Tako, tabwerani muone cholakwika chija."

Ndinamufotokozera za Inde ndi Ayi, ndi za foda yoiwalika ija. Anaseka pang'ono. Kenako kuseka kunazima pankhope pake pang'onopang'ono. Ndinatsegula pepala la makutu.

Sanakuwe. Anabwerera chambuyo n'kukhala pa mpando wa makasitomala, manja ali pa maondo.

"Ndinkaganiza kuti zimafufutika."

"Sizinkafufutika. Callista, ndiuze. Sindikumenya, sindikuwa. Unayamba liti ndi achimwene?"

Anadzutsa mutu. M'maso mwake munalibe mantha. Munali mkwiyo wakale, wozizira.

"Ndinayamba? Ine ndinayamba? Inu ndi amene mukundifunsa zimenezo?"

"Nanga ndifunse ndani?"

"Munakwera basi inu kupita ku Blantyre, kundisiya m'manja mwa amayi anu. Munkadziwa chimene munkandisiyira."

"Chiyani?"

"Musandichititse kutchula, bambo a Tako. Zaka zonsezi ndakusungirani ulemu."

"Tchula."

"Fisi."

Mawuwo ndinkawadziwa monga mwa aliyense wokulira kumudzi. Banja likakhala lopanda mwana, akuluakulu ena amapangana mwachinsinsi kuti mwamuna wina, kawirikawiri wachibale, alowe m'nyumba kuti mbewu ipezeke. Ndinkati n'zakale, za anthu ena, za midzi ina.

Anafotokoza zonse osapumira. Amayi anabwera ndi azakhali nditangochoka. Anamuuza kuti nkhaniyi yakambidwa kale, kuti ine ndavomera, ndipo n'chifukwa chake ndachoka pakhomo. Anati mwamuna sanena zotere ndi pakamwa pake, ndipo tsiku limene adzandifunse ndi tsiku limene adzandiphe ndi manyazi. Anakana. Anabweranso, nati akapanda kulola andipezera mkazi wina ku Dambe.

"Ndinalira mpaka maso kutupa," anatero. "Ndinati mwamuna amene ndinkamuyesa wosiyana ndi ena wandipereka ngati mbuzi yokakweretsa. Kenako munabwera pa tchuthi cha pakati pa kosi, mwezi womwewo, mutandigulira nsapato. Ndinati ndiye zikomo wake ameneyu. Mimba itaoneka sindinadziwe kuti ndi ya ndani. Mpaka lero sindidziwa. Ndimayang'ana, ndimayang'ana, koma inu ndi alamu makutu anu ndi amodzi."

"Callista," ndinatero, "ine sindinkadziwa."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, ngati akufuna bodza pankhope panga.

"Lumbirani."

"Pali Mulungu."

Pamenepo ndi pamene anakuwa. Sindinamvepo munthu akulira chotero, ngakhale pa maliro. Zaka zonsezo ankasenza yekha katundu amene ankayesa kuti tikusenza awiri.

7

M'mawa mwake ndinakwera kabaza kupita ku Dambe. Mphepo ya m'mapiri inkandilasa kumaso, koma sindinkaimva. Amayi ndinawapeza pakhonde akusankha mbewu ya mbatatesi. Atandiona sanadabwe.

"Wakuuza?"

"Amayi, ine munandifunsa?"

"Ukanavomera?"

"Sindikanavomera."

"Ndiye ndikanakufunsiranji?" Anapitiriza kusankha. "Unkayenda pa boma mutu uli pansi. Anzako akutchedwa bambo a uje, iwe ukadali Ezekiele ngati mwana wa Sande sukulu. Ine ndinakubala, ndinkamva zimene ankakunena. Ndinakuveka, lero ukufuna kudzivula wekha pagulu?"

"Ndani anakuuzani kuti vuto linali ine? Alipo dokotala anandiyeza?"

"Zaka zonse zija sikunali kuyeza?"

"Ndipo munamunamiza mwana wa eni kuti ndavomera."

Apo manja awo anaima. "Akanapanda kumva choncho sakanalola. Ndi mwana wabwino uja."

A Lameki anatulukira kuchokera kumunda, khasu lili paphewa. Atandiona anaima patali, n'kulitsitsa pansi pang'onopang'ono.

"Achimwene, inunso anakuuzani kuti ndavomera?"

Ndinkafunitsitsa kuti atero. Akananama, ndikanawakhulupirira.

"Ine ndinkadziwa kuti sukudziwa, Eze. Ndinakana, ndinakananso. Kenako amayi anandigwadira, pompano pakhonde pano. Mayi wako akakugwadira umatani?" Analoza pansi. "Ndimenye ngati ukufuna. Khasu ndi ili."

Sindinawamenye. Ndinkangoyang'ana manja awo, manja amene anandiphunzitsa kupalasa njinga.

Chimene tonse sitinadziwe n'chakuti alamu anga a Edina, akazi awo a Lameki, anali kuseri kwa nkhokwe akupeta nyemba. Tinangomva lichero likugwa pansi. Dzuwa lisanalowe Dambe yense anali atamva. Tsiku la msika lisanafike, nkhani inali itatsika phiri kufika pa boma. A Edina anabwera okha pakhomo pa shopu, chitenje atamanga m'chiuno, n'kumutchula mkazi wanga maina amene sindingalembe m'magazini ino. Anthu anazungulira, ena akujambula pa foni. Ndinaima pakhomo n'kutambasula manja kuti asalowe.

"Alamu, nanunso mwalakwiridwa, ndikudziwa. Koma amene ali mkatimu si amene anakulakwirani."

"Iwe khala chete, kape! Ungandiphunzitse chiyani iwe wochita kulimiridwa munda?"

Anthu anaseka. Kumbuyo kwanga ndinkamva Callista akuuza Takondwa kuti atseke makutu, aimbe nyimbo ya ku sukulu.

8

Callista anapakira katundu masana, ine ndikuona.

"Sindikuthawa inu, bambo a Tako. Koma pa boma pano sindingatulukenso panja. Ndipo ndikakuyang'anani ndimaona zaka zimene ndinkakudani mumtima uku ndikukuphikirani, inu osalakwa."

"Tikhoza kuyambiranso."

"Mwina. Koma osati pano, osati lero."

Anatenga Takondwa n'kupita kwawo ku Matope. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi, ndinalibe poimira.

Sabata yotsatira ndinawatsatira, kutsika kuchoka ku mphepo ya Neno kukalowa m'ng'anjo ya kumtsinje. Amalume ake a Callista, a Fackson, anandilandira pa mthunzi n'kundipatsa mpando.

"Akamwini, inu tilibe nanu mlandu. Koma nkhani ya banja sitikamba ndi mwini wake. Mubwere ndi ankhoswe anu."

"Ankhoswe anga ndi amene..."

"Tikudziwa. Ndiye mupeze ena a kwanu, amene nkhaniyi sanaidziwe nawo. Sitingakhale pa mphasa imodzi ndi anthu amene anapusitsa mwana wathu."

Ndinayenda m'mutu nyumba ndi nyumba, azakhali, amalume, asuweni. Ndinakumbukira tsiku la ubatizo wa Takondwa, mmene ankandigwirira chanza ndi manja awiri, mmene ankayang'anirana. Sindinapeze ndi mmodzi yemwe.

Anandilola kuona mwana. Tinayenda mpaka pafupi ndi Shire, pamene asodzi amayanika maukonde. Mwana wolongolola uja anali duu, akukoka phazi mu mchenga.

"Adadi."

"Ee, mama."

"Anzanga akumandinena kuti ndine mwana wa fisi. Akuti ndisamasewere nawo, ndiwadya."

Anaima n'kundiyang'ana.

"Fisi wake uti, adadi?"

Ndinagwada kuti maso athu alingane.

"Ukawauze kuti fisiyo wabwera lero pa kabaza. Ndi ine."

"Bodza! Inu mulibe mchira."

"Ndausiya ku shopu, unkandisokoneza pokwera njinga."

Ndinakweza mapewa, ndinatsitsa chiuno, n'kulira ngati fisi, huuuwi, mpaka asodzi kucheuka. Anaseka mpaka kukhala pansi.

"Chitaninso, adadi! Chitaninso!"

Ndinachitanso. Ndinamuthamangitsa kuzungulira bwato, iye akukuwa ndi chisangalalo, ana ena akubwera mmodzimmodzi kudzaonerera, mpaka nawonso anayamba kupempha kuti ndiwathamangitse.

Pobwerera ndinamupempha wa kabaza kuti aime pa chitunda. Ndinalowa patchire ngati ndikukadzithandiza, ndipo kumeneko ndinalira kulira kwanga kwenikweni.

9

Owerenga anzanga, papita miyezi tsopano. Shopu ikuyenda, zithunzi sizikusowanso, koma ndikaweruka ndimakatsegula nyumba yopanda phokoso. Mwezi ukatha ndimatsikira ku Matope. Poyamba Callista ankangondipatsa moni n'kulowa m'nyumba. Ulendo wathawu anandiperekeza mpaka pamsewu, ndipo anandiuza kuti kolala ya malaya anga yatha, ndisamavale pa anthu. Sindikudziwa ngati adzabwerere. Nkhoswe sindinaipezebe. Ndayankhula ndi mkulu wa mpingo wina kuti mwina a Fackson angamulole kuimira abale amene ndilibe.

Amayi amatumiza uthenga kuti akudwala miyendo, ndikawaone. Sindinawakhululukire, komanso sindinawatemberere. Ndimadziwa kuti ankandikonda. Chimene chimandiwawa n'chomwecho: anandikonda mpaka kuiwala kuti ndine munthu woti n'kufunsidwa. Inu makolo amene mukuwerenga, nyumba ya mwana wanu ikamadontha musakwere padenga iye atachoka. Gogodani, mukhale naye pansi, mumve yankho lake ngakhale likuwawireni. Ndipo inu amene muli pabanja, munthu wachitatu akadzakuuzani kuti mnzanu wavomera koma musamufunse, tsiku lomwelo kamufunseni. Ife tinagona pa bedi limodzi zaka zonsezi, wina akuyesa kuti anagulitsidwa, wina akuyesa kuti anadalitsidwa.

Anzanga ena akundiuza kuti ndipite naye mwanayo ku Blantyre akatiyeze magazi, nkhani ithe. Sindipita. Ine ndine munthu wokonda kufufuza mpaka pansi, koma apa ndaima. Yankho lililonse limene lingatuluke kumeneko silingandichotsere tsiku limene anayamba kuyenda atagwira chala changa, ndipo silingandiwonjezere kanthu.

Mwana uja ndi wanga. Amene akufuna umboni akafunse ana a ku Matope. Onse akumudziwa fisi amene amabwera pa kabaza mwezi ukatha.